Yankho kwa mayi wa mwana wa zaka 9 amene kuwerenga kukumuvuta

Mayi amene mwafunsa za mwana wanu uja, woti pakamwa ndi wochenjera, masamu amakhoza koma mukampatsa buku basi misozi, aphunzitsi akuti ndi ulesi, ena akuti mugulireni magalasi, ndiye mukufunsa ngati abwereze kalasi. Ndilemba motalikirapo, mundipirire.

Zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi dyslexia, vuto limene limachititsa mwana wanzeru bwinobwino kuvutika kuphunzira kuwerenga, ngakhale wotsimikiza ndi katswiri woyeza ana pa zamaphunziro. Ulesi uchotseni kaye mmutu, mwana waulesi salira chifukwa cha buku, amangolithawa. Maso ndi makutu kayezetseni inde kuti mtima ukhale mmalo, koma dyslexia si matenda a maso. Madokotala akale ankaganiza kuti vuto lili pa kuona malembo, mu 1896 Pringle Morgan wa ku England analemba za mnyamata wa zaka 14 wanzeru ndithu koma wosatha kuwerenga ndipo anaziona ngati mtundu wina wa kusaona, kusaona mawu olembedwa. Kafukufuku wa pambuyo pake ndi amene anaonetsa kuti nkhani yagona pa maliwu, ubongo umavutika kuphwanya mawu mmaliwu ake nkuwalumikiza ndi malembo. Muyeseni popanda buku, mumuuze atchule "mutu" liwu limodzilimodzi, kapena anene "gona" atachotsa "g", muone mmene akakamire. Zosokoneza b ndi d anthu amazikuza kwambiri koma ana ambiri oyamba kumene amatero, pazokha sizikunena kanthu. Magalasi amitundumitundu amene amatsatsidwa pa intaneti aja musataye nawo ndalama, umboni woti amathandiza palibe.

Zimayendanso mmagazi, mukafufuza kwanu kapena kwa bambo ake mwina mupeza wina amene sukulu inamukanika pa kuwerenga komweku.

China chomwe ambiri sadziwa, chilankhulo chimabisa kapena kuulula vutoli. Mu 2001 gulu la Eraldo Paulesu linayerekeza anthu a dyslexia a ku Italy, France ndi England, ubongo wawo unkaonetsa vuto lofanana koma a ku Italy ankalakwitsa pang'ono chifukwa Chitaliyana chimalembedwa mmene chimamvekera. Ndiye mwana atha kumawerenga Chichewa molondola koma mochedwa kwambiri, aliyense nkumati ali bho, kenako Chingerezi chikachuluka ndi pamene zimaphulika.

Zobwereza kalasi ine sindigwirizana nazo ngati kaphunzitsidwe kakhale komweko, angotaya chaka ndi anzake, manyazi nkuwonjezeka. Chimene chimathandiza ndi kumuphunzitsa maliwu ndi maphatikizo mwadongosolo, pang'onopang'ono, osadumpha mpaka agwire. Njira yodziwika ndi ya Orton-Gillingham, yochokera kwa Samuel Orton ndi Anna Gillingham m'ma 1930, mwana amaona lembo, kulitchula, kulimva, uku akulilemba ndi chala patebulo. Kanthawi kochepa tsiku lililonse kamaposa maola awiri a Loweruka onse mutakwiya. Ndipo musadikire pepala la katswiri kuti muyambe, maphunziro amenewa savulaza mwana aliyense.

Pakali pano muzimuwerengera inuyo mokweza, foni nayonso imatha kuwerenga zolembedwa, kuti sayansi ndi maphunziro enawo asatsalire chifukwa cha malembo. Aphunzitsi kakumaneni nawo mwaulemu osati mwandewu, ambiri sanaphunzitsidwe zimenezi. Apempheni asamamuimike kutsogolo kuwerenga mwadzidzidzi, azimupatsa nthawi yowonjezera pa mayeso, mwinanso kumufunsa pakamwa.

Dyslexia siitha, adzakula nayo, koma akathandizidwa amawerenga ndithu, mwina mochedwerapo basi. Mumuuze dzina la vuto lakelo, ana ambiri amapepukidwa akadziwa kuti si umbuli. International Dyslexia Association ndi British Dyslexia Association ali ndi zowerenga zaulere za makolo ndi aphunzitsi pa masamba awo, sindikizani ziwiri zitatu mupite nazo kusukulu. Mufunsenso makolo anzanu mkalasimo, simuli nokha ayi, mukapezana atatu anayi tsegulani gulu la WhatsApp muzikaonekera limodzi kwa ahedi.