Funsani Tiyankhe: Wotchi pa mayeso a pisitolo

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine wapolisi wopuma ntchito wa ku Area 25. Anzanga ena amalonda omwe ali ndi ziphaso za pisitolo andipempha kuti ndiziwaphunzitsa kudziteteza nayo. Akamawombera modekha amalasa bwino, koma ndikangoti ndatsegula wotchi, zipolopolo zimangomwazika. Mayeso a pa nthawi ndiwakonze bwanji?

YANKHO: Bambo, kumwazikako musakuone ngati vuto. Ndi zomwe wotchi imayenera kuulula. Munthu mtima uli m'malo amalasa pakati penipeni, koma ukayamba kugunda manja amachita zawo, ndipo tsiku la zigawenga mtima sudzakhala m'malo.

Mu 1983 wapolisi wa ku Salt Lake City ku America, Dennis Tueller, anaonetsa kuti munthu wonyamula mpeni amatha kuthamanga mamita pafupifupi 6.4 pa sekondi imodzi ndi theka. Wozolowera mfuti amatenganso nthawi ngati yomweyo kuti aisolole m'chiuno n'kuwombera. N'chifukwa chake mayeso ambiri amachitikira pafupi, pa mamita 3 mpaka 7, osati kutali kumene timakonda kudzionetserako luso.

Yambani ndi mayeso ang'ono, pakuti zipolopolo si zotchipa. Ine ndimakonda aja a zisanuzisanu: zipolopolo 5, pa mamita pafupifupi 4.5, m'bwalo la masentimita 13, kukula kwake ngati sosala ya tiyi, m'masekondi 5. Oyamba kumene ayambe mfuti ili kale m'manja, yoloza pansi kutsogolo. Kusolola m'chiuno kubwere akakhwima, chifukwa ngozi zambiri zodziwombera mwendo zimachitika posolola ndi pobwezera mfuti m'malo mwake mothamanga.

Pa intaneti mudzaona otchuka monga Bill Drill, zipolopolo 6 pa mamita 6.4 m'masekondi 2, kapena El Presidente ya Jeff Cooper, mphunzitsi wa mfuti wa ku America: chandamale zitatu, munthu atafulatira, atembenuke, awombere ziwiriziwiri, asinthe magazine (kabokosi ka zipolopolo), abwerezenso, zonse 12 m'masekondi 10. Amenewo ndi a akatswiri. Mukawaika pa wamalonda wa ku Area 2 yemwe amagwira mfuti kamodzi pa mwezi, mumuphunzitsa kuthamanga n'kuphonya. Nthawi yopambanira ipezeni nokha. Wombani inuyo kaye mosaphonya, muone masekondi anu, kenaka muwonjezerepo kuti wophunzira wakhama aifikire.

Pamene ndikufuna mumvetsetse ndi pa kawerengedwe ka malikisi. Ku mipikisano ya IPSC, bungwe la padziko lonse la masewera owombera mfuti, amatenga mapointi n'kuwagawa ndi chiwerengero cha masekondi, motero wothamanga amatha kuphimba kuphonya kwake ndi liwiro. Pa maphunziro odziteteza ine sindivomereza zimenezo. Chipolopolo chophonya ku Kawale kapena ku Biwi, kumene nyumba zathithikana, chimakalowa m'chipinda cha mnansi. Choncho chophonya chandamale chonse chigwetse munthu pa mayesowo, ngakhale atamaliza m'masekondi 3. Chala chikalowa pa trigger (kachitsulo kokoka powombera) mfuti isanaloze chandamale, kapena kamwa ya mfuti ikadutsa pa munthu, walephera pomwepo, palibe kukambirana.

Muikemonso gawo loganiza. Pakati pa chandamale ziwiri pakhale chimodzi chojambulidwa manja opanda kanthu, ndipo muzisintha malo ake wophunzira asakuona. Nthawi zina belu loyambitsa mayeso lilire pomwe palibe choti awombere n'komwe. Wowombera manja opanda kanthu walephera. Khoti silidzamufunsa masekondi, lidzamufunsa ngati moyo unalidi pachiswe.

Za wotchi: ya pafoni yodina ndi chala imanama, chifukwa chala chanu chimachedwa. Pezani shot timer, kachipangizo kolira belu n'kumalemba nthawi ya kulira kulikonse kwa mfuti. Belulo lizilira mosayembekezereka.

Mayeso achitike m'mawa pofika, asanayeserere ngakhale chipolopolo chimodzi, aliyense ndi mfuti yake komanso zovala zomwe amayenda nazo. Zotsatira muzilemba m'kope, kuti mwezi wamawa munthu azipikisana ndi nambala yake ya lero osati ya mnzake. Ndipo inu monga wapolisi wakale mukudziwa kuti lamulo la mfuti la Firearms Act ya 1967 siliseka ndi munthu. Onani chiphaso cha aliyense kuti sichinathe ntchito, ndipo za malo owomberera ovomerezeka mukafunse ku likulu la polisi ku Area 30 musanaitane gulu loyamba.