Pikapu ya dizilo pa timaulendo tifupitifupi: mafunso a ku Kasungu

Ndili ndi Hilux D-4D ya 2.5, ya 2010. Ndimakhala ku Chankhanga. Ntchito yake ndi kukasiya ana kusukulu, kundifikitsa kushopu kumsika, masana kukatenga ana, madzulo kubwerera kunyumba. Ulendo uliwonse sukwana makilomita 4. Anzanga akuti ndikuipha galimoto, pamene ine ndimaona ngati ndikuisunga. Zoona zake n'ziti?

Anzanuwo sakunama, bambo, ngakhale mawu oti kuipha akulirako. Kufupika kwa ulendo pakokha sikuwononga kanthu. Chimene chimadya injini n'chakuti mukuizimitsa isanatenthe, lero, mawa, mkuja, chaka chonse.

Injini ya dizilo imachedwa kutentha kuposa ya petulo. Chitsulo chake n'chochindikala, madzi ndi oyilo n'zambiri, ndipo ikamayenda yopanda katundu imatentha mafuta ochepa kwambiri. Thermostat, kavalavu kotseka njira ya madzi opita ku rediyeta, pa injini ngati yanuyo imayamba kutseguka madzi akafika cha pa madigiri 82. Pa makilomita 4, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi kuno kukamazizira, muvi wa geji umakhala ukungodzuka kumene. Ndipo gejiyo imayeza madzi, osati oyilo. Oyilo amatsalira m'mbuyo: muvi ukafika pakati, iye amafunabe mphindi zina 10 kapena kuposerapo kuti atenthe bwino.

Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa pafupifupi lita imodzi ya madzi, ngati nthunzi. Yambiri imatulukira ku ekizozi, koma ina imadutsa m'mbali mwa ma piston ring n'kutsikira kumene kuli oyilo. Ikakhudza chitsulo chozizira imasanduka madontho, monga aja a pansi pa chivundikiro cha poto. Injini yotentha imawaumitsa madonthowo. Yozizira imawasunga, n'kusakanikirana ndi mwaye, oyilo n'kuyamba kuchita phala. Tsegulani chitsekero chothirira oyilo, muchitembenuze. Mukapeza tinthu toyererako tonga mayonezi, ndi madzi amenewo. Musathamangire kunena kuti head gasket yapsa: yang'anani kaye ngati madzi a mu rediyeta akuchepa. Ngati sakuchepa, ndi timaulendo tanuto.

Palinso dizilo wosapsa bwino amene amatsetsereka m'makoma a silinda n'kukasungunula oyilo. Komanso EGR, valavu imene imabweza utsi wina mu injini: mwaye wa utsiwo ukakumana ndi nthunzi ya oyilo, zimapanga phula lakuda lomata mu intake manifold, njira ya mpweya n'kumachepa pang'onopang'ono. Ndiye mumayamba kumva kuti galimoto yalemera, ikufuka utsi wakuda ponyamuka, ikumwa mafuta.

Choyamba kusintha ndi mmene mumawerengera sevisi. Maulendo anayi a makilomita 4 ndi makilomita 16 patsiku, pamwezi cha pa 400. Mukadikira kuti ikwane 5,000, oyilo akhalamo chaka chathunthu. Mukadikira 10,000, zaka ziwiri. Sinthani oyilo ndi fyuluta yake pa makilomita 5,000 kapena pa miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Kwa inu chiziyamba ndi miyezi. Injini yanuyo, yotchedwa 2KD, imalowa pafupifupi malita 7 pamodzi ndi fyuluta, ndipo ngati ilibe DPF, sefa ya mwaye ya mu ekizozi, oyilo wa dizilo wa 15W-40 wolembedwa CI-4 amagwira bwino. Khuthulani injini ili yotentha kuti zonyansa zitulukire limodzi.

Chachiwiri, kamodzi pa sabata ipatseni msewu. Mphindi 30 mpaka 40 osazimitsa: M1 kulowera ku Chinkhoma, kapena kumpoto cha ku Chatoloma, kapena msewu wa ku Mtunthama. Muvi wa rev uzikhala pakati pa 2,000 ndi 2,500, ndipo ikakhala ndi matumba kumbuyo ndiye bwino koposa, chifukwa dizilo amatentha akamakoka. Ngati muli ndi munda kapena abale kutali, ulendo umenewo muziusungira tsiku limeneli. Maulendo a m'tauni nawo aphatikizeni: kusukulu, kubanki ndi kuchigayo motsatizana n'kwabwino kuposa kuiliza katatu ili yozizira.

Nanga ndikamaitenthetsa mphindi 15 m'mawa ndisananyamuke, sizithandiza?

Ayi, zimawonjezera vuto. Dizilo ikangoima n'kumalira, moto wa mu silinda umakhala wofooka, moti ikhoza kulira theka la ola muvi osafika pakati. Nthawi yonseyo ikupanga mwaye ndi madzi aja, ikumwanso pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa ola osapita kulikonse. Tembenuzani kiyi, dikirani kanyale ka heater plug kazime, lizani, dikirani ka oyilo kazime, perekani theka la mphindi kapena mphindi imodzi kuti oyilo afike ku turbo, nyamukani. Yendani mofatsa, rev osapitirira 2,000, mpaka muvi utakwera. Kudikira kofunika ndi kwa pozimitsa, mukachokera ulendo wautali kapena mwakoka katundu wolemera: mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire. Pochokera kumsika sikofunika.

Makaniko wina anachotsa thermostat mu Isuzu KB yanga, akuti kuno n'kotentha, n'ya kumaiko ozizira. Tsopano muvi sukwera n'komwe. Si ndiye kuti zili bwino?

Achimwene, bwezeretsani thermostat imeneyo sabata ino. Chizolowezi chimenechi chafala kwambiri m'magalaja mwathu ndipo chatha injini zambiri mwakachetechete. Muvi wogona pansi sukutanthauza kuti injini ili bwino. Ukutanthauza kuti ngakhale mutapita ku Lilongwe, injini yanu ikukhala ngati ya munthu wa timaulendo ta makilomita 4 uja. Ndiye inu mukaphatikiza ziwirizi, kusowa kwa thermostat ndi timaulendo tifupitifupi, oyilo wanu sadzaumanso madzi.

Thermostat siiziziritsa injini ndipo siitenthetsa. Imatseka njira ya ku rediyeta mpaka madzi atentha, kenako n'kumatsegula mwa muyezo. Pa injini zambiri ili ndi kambale kachiwiri pansi, kamene kamatseka njira yachidule yotchedwa bypass ikatseguka. Mukaichotsa, madzi ena amangozungulira m'njira yachiduleyo osapita ku rediyeta, moti galimoto yomweyo imene sitentha m'tauni ikhoza kuwira itasenza mabelo a fodya mu Okutobala. Pa injini za kompyuta palinso china: sensa ikamanena kuti madzi ngozizira, kompyuta imapitiriza kuthira mafuta ngati ya m'mawa.

Ngati anaichotsa chifukwa galimoto inkatentha, chimene chinkatenthetsacho chikadalipo. Kawirikawiri ndi rediyeta yotsekeka kunja ndi matope ndi njere za udzu, kapena yotsekeka m'kati ndi miyala ya madzi a pamjigo. Fani imene clutch yake yatha, yongozungulira mopanda mphamvu. Kapena chitsekero cha rediyeta chimene sichikugwiranso presha. Gulani thermostat ya nambala yoyenera injini yanu, ndi gasket yake. Musanaiike, iponyeni m'poto wa madzi pamoto: itseguke madzi asanawire, itsekekenso akamazizira. Poika, kabowo kakang'ono kotulutsira mpweya kayang'ane m'mwamba. Thirani coolant wosakaniza ndi madzi oyera a batire (distilled, osati asidi) monga mwa malangizo a pabotolo, osati a pachitsime. Ndipo chitsekero cha rediyeta musamatsegule injini ili yotentha, nthunzi yake imasenda khungu.

Ndinaitanitsa Ford Ranger kuchokera ku UK. Ndimangoyenda nayo kuofesi pa boma pompano. Payaka kanyale kooneka ngati kabokosi ka timadontho, ndipo nthawi zina ndikaimika, fani imapitiriza kulira komanso pamanunkha kutentha. Ndine mayi wa ku Kasungu.

Mayi, imeneyo ndi DPF, ndipo apa ndi pamene timaulendo tifupitifupi timapweteka thumba. Mapikapu ambiri ochokera ku UK opangidwa kuyambira cha m'ma 2012 ali nayo, ndi ena ochokera ku Japan. Ndi sefa ya mu ekizozi, pafupi ndi turbo, imene imakola mwaye. Mudzaidziwa ndi timapayipi tiwiri topyapyala tochoka pamenepo kupita ku sensa ya presha. Ikadzaza, kompyuta imathira dizilo wowonjezera kuti utsi utenthe kufika cha pa madigiri 600, mwaye upse. Ntchito imeneyi imafuna injini yotentha kale ndi mphindi 15 mpaka 25 zoyenda osadukiza. Fani ndi fungo mukumvazo zikusonyeza kuti galimoto inali itayamba kudziyeretsa, inu n'kuzimitsa ili pakati. Mawa imayambiranso, mumazimitsanso, mpaka kanyale kayaka.

Kanyale kakangoyaka osaphethira, thanki ikhale yopitirira kota, lowani M1. Yendani pa makilomita 60 mpaka 80 pa ola, giya imodzi pansi pa imene mumayendera nthawi zonse kuti rev ikhale cha pa 2,000 kapena kuposerapo pang'ono, mpaka kanyale kazime. Kawirikawiri theka la ola limakwana. Sankhani mbali ya msewu imene simuimaima. Kakayamba kuphethira, kapena kayaka pamodzi ndi ka injini galimoto n'kutha mphamvu, msewu suthandizanso. Pitani kugalaja kumene ali ndi kompyuta yoyezera, awerenge kuchuluka kwa mwaye, aiyeretse mokakamiza kapena aimasule akaitsuke. Akatero sinthani oyilo.

Ekizozi ikamayaka choncho imatentha moti ikhoza kuyatsa udzu. Musaimike galimoto pa udzu wouma, pa mapesi, kapena m'mbali mwa chigafa cha fodya.

Sabata iliyonse yang'anani dipstick galimoto ili pamalo athyathyathya. Pa injini zambiri dizilo wowonjezera uja amathiridwa mu silinda momwemo, ndipo kuyeretsa kukamadukizidwa wina amatsikira mu oyilo. Oyilo akamakwera yekha m'malo mochepa, n'kumanunkha dizilo, musadikire tsiku la sevisi. Ma dipstick ena ali ndi chilembo cha X pamwamba pa mzere wodzaza. Akafika pamenepo khuthulani tsiku lomwelo. Oyilo wosungunuka amatha ma bearing, ndipo akachulukitsa injini ikhoza kuyamba kumumwa ngati mafuta n'kuthamanga yokha osamva kiyi.

Oyilo wa galimoto ya DPF si 15W-40 wa mathirakitala. Imafuna wa phulusa lochepa, wolembedwa ACEA C kapena DL-1 malinga ndi buku la galimotoyo, nthawi zambiri 5W-30. Mwaye umapsa, koma phulusa la oyilo wolakwika silipsa, limakhalamo mpaka sefayo itatsekeka. Ngati yanu ndi ya 2016 kupita m'tsogolo ndipo ili ndi kathanki ka AdBlue, mankhwala oyeretsa utsi, musathiremo madzi kapena china chilichonse kupatula AdBlue yemweyo.

Ena adzakuuzani kuti ingoibowolani. Ine sindivomereza. Kuibowola osasintha za mu kompyuta kumasiya galimoto yopanda mphamvu, ndipo mwaye umene unkakodwawo mudzaupumira inu ndi ana a m'mbali mwa msewu. Komanso DPF yodzaza kawirikawiri imakhala ikuloza vuto lina: EGR yomata, injekita yodontha, payipi ya intercooler yong'ambika, thermostat yofooka, kapena timapayipi ta sensa totsekeka. Yambirani kumeneko.

Batire yanga yatsopano sinathe chaka, yafa. Altaneta akuti ili bwino.

Sitata ya dizilo ndi ma heater plug zimakoka moto wambiri nthawi imodzi, ndipo mphindi zisanu zoyenda sizibweza wonsewo, makamaka mutayatsa nyali ndi fani. Batire yokhala theka miyezi yambiri imauma m'mapuleti. Yezani ndi mita m'mawa musanalize: mavoti 12.6 ndi yodzaza, 12.2 ili pa theka. Injini ikulira ionetse pakati pa 13.8 ndi 14.4, ngakhale pa magalimoto atsopano kompyuta imakweza ndi kutsitsa yokha. Tsukani mitu ya batire ndi soda m'madzi ofunda, mangitsani, onaninso waya wa earth pa bodi ndi pa injini. Kamodzi pamwezi iikeni pa chaja usiku wonse.

Mafuta ndimathira a tsiku limodzi basi, nthawi zina a m'zigubu akasowa. Zili ndi vuto?

Thanki yokhala pansi nthawi zonse imachita thukuta m'kati usiku kukazizira, madzi n'kukhala pansi pa dizilo. A m'zigubu amabwera ndi madzi awo, fumbi, mwinanso palafini. Injini zakale ngati 5L ya Toyota kapena TD27 ya Nissan zimapirirako. Zatsopano za common rail, ngati D-4D, zimapopa mafuta pa presha yopitirira 1,300 bar kudutsa m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso, ndipo madzi pang'ono amatha pampu ndi ma injekita. Yesetsani kuti thanki izikhala pa theka. Mwezi uliwonse masulani kampopi ka pansi pa fyuluta ya dizilo, kholekerani m'botolo loyera mpaka patuluke dizilo yekha, tsekani, popani pampu ya pamwamba mpaka ilimbe. Mukakakamizika kugula a m'chigubu, chisiyeni chikhazikike maola angapo, sefani pothira, otsalira pansiwo musathire.

Ndiye ndikufuna kugula. Ndigule ya dizilo kapena ayi?

Ngati ntchito yake ndi sukulu, msika ndi tchalitchi, osanyamula katundu, gulani ya petulo. Imatentha msanga ndipo zokonza zake n'zotsikirako. Ngati nyengo yokolola mumatuta soya, mtedza ndi chimanga kuchokera ku Chamama kapena ku Santhe, miyezi ina n'kumangozungulira pa boma, dizilo ikuyenerani, koma funani yopanda DPF. Pokaiona fikani m'mawa, gwirani injini ndi dzanja mutsimikize kuti sanailize. Ilire msanga, utsi woyera uthe m'masekondi ochepa. Yendani nayo mphindi 20: muvi ufike pakati n'kukhazikika pomwepo. Ukakana kukwera, uzani mwini wake amasule pamene pamakhala thermostat muone ngati ilimo musanayambe kukambirana mtengo.