Njerwa zowotcha kapena za makina? Yankho kwa achimwene a ku Joni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe akugwira ntchito ku Johannesburg. Anagula puloti ku Lunzu, ndipo akufunsa ngati kumanga mosawononga chilengedwe si nkhani ya anthu olemera okha. Bilida wawo wawauza kuti angoumba njerwa n'kuwotcha monga amachitira aliyense.

Achimwene, bilida wanuyo sakunama. Njerwa imodzi yowotcha ndi yotchipa. Koma muwerengere mtengo wa khoma lonse likatha, mpaka pulasitala. Njerwa za pachikombole zimatuluka zosiyana misinkhu, zina zopserera, zina zosapsa, zambiri zimaswekera mu lole. Kuti khoma liwongoke, mmisiri amaunjika matope a simenti pakati pa njerwa, kenako pulasitala wochindikala wobisa zokhotakhota. Simenti yomwe munkati mwaizemba mumakaipeza pamenepo, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba lililonse limawawa. Ndiye pali nkhuni za uvuni. Uvuni sufuna tsatsa, umafuna zipika, n'chifukwa chake ngakhale mitengo ya mango ikugwa. Amene anaona phiri la Ndirande lili ndi mitengo akudziwa zomwe ndikunena. Dzenje lokumbamo dothi lija limatsala pakhomo, dzinja likafika ndi nyumba ya udzudzu.

Mu 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda, ndipo amene ankayang'anira lamuloli panthawiyo anali a bungwe loona za ntchito zomanga la National Construction Industry Council. Kuchokera pamenepo amisiri odziwa mabuloko achuluka, ndiye simuvutika kuwapeza ngati kale.

Ine mtima wanga uli pa njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopsinja pa makina, zomwe amazitcha SSB. Sizilowa pamoto, zimatuluka zofanana, moti khoma mutha kulisiya lopanda pulasitala kunja. Dothi lingachokere pa puloti yanu yomweyo. Koma zili ndi mwambo wake. Dothi liyesedwe kaye, chifukwa la makande limang'aluka. Zikaumbidwa zimafuna kuthiriridwa ndi kufunditsidwa, n'kudikira pafupifupi milungu inayi. Apa ndi pamene inu muli kutali pamandidetsa nkhawa. Ndinaonapo mmisiri wina akuchepetsa simenti mwini nyumba ali kunja, matumba ena akutulukira kuseri, njerwa zake zinkafumbutuka ndi chala. Pakhale m'bale wokhulupirika wowerenga matumba tsiku ndi tsiku, apo ayi mungogula zoumbidwa kale kwa odziwika.

Mabuloko a simenti amamangika msanga, koma tisawayeretse kwambiri. Simenti imawotchedwanso ku fakitale, ndipo mchenga wake ukugumula magombe a mitsinje yathu.

Zina sizifuna ndalama zambiri, zimangofuna kuganiza pulani isanajambulidwe. Denga litulukire kunja mokwanira kuti mvula isamamenye khoma, monga ankachitira agogo athu ndi khonde lozungulira nyumba. Mawindo ayang'anizane kuti mphepo idutse, ndipo aakuluwo asaloze kumadzulo, chifukwa Lunzu mu Okutobala si malo osewera. Siling'i musayisiye poti ndalama zatha, malata opanda siling'i ndi ng'anjo. Ikani magatala ndi thanki, madzi a padenga muchapire ndi kuthirira dimba. Sola ingadikire, bola mawaya mukonzeretu.

Pa maziko pokha musaumire. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatisonyeza ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche zomwe madzi amachita pamalo otsetsereka opanda mitengo. Uzani bilida wanu akulembereni mitengo iwiri ya khoma lomalizidwa, wa njerwa zowotcha ndi wa SSB, nkhuni ndi thiransipoti zili momwemo, munditumizire tiwerengere limodzi.