Abambo akatuluka m'chipatala tichite izi

Achemwali, uthenga wanu ndaumva. Mwafunsa kuti abambo akatuluka, poti opaleshoni yochotsa chotupa cha muubongo yatheka, tiziwasamala bwanji, komanso ngati angasale nawo kudya monga akonzera a kumpingo. Ndiyambe ndi chachiwiricho. Kusalako tisale ife, iwo ayi. Mapemphero asalekeke, amawalimbitsa mtima, koma mankhwala asadumphe ngakhale tsiku limodzi.

Chifukwa chake nachi. Dexamethasone uja ndi wochepetsa kutupa kwa ubongo. Amafuna kumwera chakudya chifukwa amakanda m'mimba, amakweza shuga, amadzetsa njala yoopsa, ndipo akamwedwa madzulo munthu sagona. Choopsa kwambiri n'kumusiya mwadzidzidzi. Adokotala amamuchepetsa pang'onopang'ono, ndiye ndandanda imene alembe ija imatidwe pakhoma. Winawo, levetiracetam, ndi woletsa kugwa ngati wakhunyu, amamwedwa m'mawa ndi madzulo nthawi yofanana. Wopereka mankhwala akhale mmodzi, azichonga m'kabuku. Tikamapereka tonse, wina aganiza kuti mnzake wapereka kale, mapeto ake sanamwe kapena amwa kawiri.

Akagwa n'kuyamba kugwedezeka, chonde, musawaike supuni kapena chala m'kamwa, musawapanikize. Chotsani zinthu zowavulaza, ikani chofewa kumutu, yang'anani wotchi, kugwedezeka kukaleka muwagoneke chammbali. Kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangani nawo kuchipatala.

Zina zosadikira kuti kuche: mutu wopweteka mowonjezereka makamaka m'mawa limodzi ndi kusanza, tulo tosadzutsika, dzanja kapena mwendo kufooka mwatsopano, kutentha thupi, bala kufiira kapena kutuluka madzi oyera ngati a pampopi, ndi katumba wa mwendo umodzi kutupa, poti magazi amatha kuundana mwa munthu wogona nthawi yaitali. N'chifukwa chake aziyenda pang'ono m'nyumba tsiku lililonse. Ulusi wa pabala nthawi zambiri amachotsa pakati pa masiku 7 ndi 14. Galimoto asayendetse mpaka adokotala alole, ngakhale akwiye.

Eee, za kukwiyako. Mudzaona nthawi zina akupsa mtima pachabe, akuiwala mawu, akufunsa chinthu chimodzi katatu. Si mwano, si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndi ubongo umene ukuchira, ndipo mankhwala onse awiriwa amasinthanso khalidwe. Alendo azibwera awiriawiri, mphindi zochepa. Gulu lonse la kwaya m'chipinda chimodzi liwatopetsa.

Tsiku lokamva zotsatira za kachidutswa ka chotupa kamene anakatenga kukayeza, pakhale wina wolemba. Funsani dzina la chotupacho ndi giredi yake, yosonyeza kuopsa kwake, imayambira 1 mpaka 4, funsani ngati chinachoka chonse, komanso MRI yotsatira, kujambula ubongo ndi makina, ndi liti. Akanena za radiotherapy, chithandizo chowotcha maselo a chotupa ndi cheza champhamvu cha makina, kawirikawiri imakhala masiku 5 pa sabata kwa masabata pafupifupi 6, ndiye tigawane masiku owaperekeza tisanayambe kukanirana.

Mufunsenso anamwino ngati pali gulu la anthu amene anadutsamo m'matendawa. Pali mantha ena amene abambo sangatiuze ife ana awo, koma kwa mnzawo wa chipsera chonga chawo amamasuka. Amayinso tiwapatse tsiku limodzi pa sabata lopuma. Lolemba ndi Lachinayi ndatenga ine, enanu lembani anu pansipa.