Mayunivesite a boma achuluka, nanga bwanji mwana wanga sanasankhidwe?

Funso: Mwana wanga anakhoza MSCE ndi mapointi 19 pa CDSS ina kwathu kuno, koma dzina lake silinatuluke. Timamva kuti mayunivesite a boma tsopano alipo 6. Malowo akupita kuti?
Mayi wa ku Dwangwa, Nkhotakota

Yankho: Mayi, ambiri mwa mayunivesite amenewa si atsopano. Mu 2021 boma linagawa University of Malawi patatu: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre ndi KUHeS ya zaumoyo. Bunda inachoka kale mu 2012 n'kukhala LUANAR. Makoleji onsewa analipo, chinasintha ndi kayendetsedwe kake. Zowonjezera zenizeni ndi Mzuni, yomwe inayamba kuphunzitsa mu 1999, ndi MUST ya ku Thyolo mu 2014. Chonsecho, chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994, ana ofika Fomu 4 akhala akuchulukirachulukira. Malo amakula boma likaika ndalama pa zipinda zophunzirira, malabu ndi aphunzitsi, ndipo apa m'pamene tikutsalira kwambiri.

Kota, imene inkasungira boma lililonse malo, inathetsedwa mu 2020. Lero mwana wa pa CDSS yopanda labu akupikisana ndi wa kusukulu ya national, ndipo ife tikuona kuti zimenezi zikupweteka ana akumudzi.

Makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi amangomulola kufunsira malo kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite. Pologalamu iliyonse imayang'ananso maphunziro akeake. Ana ambiri amagwa posankha: amadzaza fomu yonse ndi udokotala ndi uinjiniya, pamene Masamu kapena Chemistry anapeza giredi 6. Mwana wanu akamafunsiranso, ayambe waona magiredi a phunziro lililonse, asankhe zogwirizana nawo, ndipo aikepo mapologalamu ena omwe salimbiranidwa kwambiri.

Afunsenso za ODL ku Mzuni ndi ku LUANAR, komwe amaphunzira ali kunyumba n'kumapita kukakumana ndi aphunzitsi pa nthawi zoikika, komanso za Salima Technical College kudzera ku TEVETA, bungwe la maphunziro a ntchito zamanja. Mukaganiza za yunivesite yomwe si ya boma, musalipire kalikonse musanaone pa mndandanda wa NCHE kuti pologalamu yeniyeniyo ndi yovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma digiri inayo ayi. Ngongole ya fizi ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama ophunzira a m'mayunivesite, amafunsira payokha akapeza malo, ndipo idzabwezedwa akamaliza.