Chiwelishi ndi Chimaleyi: Kodi Pali Ubale, Nanga Chovuta N'chiti?

Mwafunsa ngati Chiwelishi, chinenero cha ku Wales m'dziko la Britain, ndi Chimaleyi, chinenero cha ku Malaysia ndi maiko oyandikana nawo, zili pachibale, komanso kuti mwa ziwirizi n'chiti chimene munthu angaphunzire mosavutikira. Pa funso loyambalo, palibe ubale uliwonse. Chiwelishi chili m'gulu la zinenero za Celtic, ndipo abale ake apafupi ndi zinenero za ku Cornwall, ku England, ndi ku Brittany, m'dziko la France. Chimaleyi chili m'banja la Austronesian, lomwe linafalikira kuyambira ku zilumba za m'nyanja ya Pacific mpaka ku Madagascar, moti chinenero cha anthu a ku Madagascar, kutsidya kwa nyanja moyang'anana ndi Mozambique, ndi m'bale weniweni wa Chimaleyi.

Funso lachiwiri ndilo lofunika kuliona mofatsa, chifukwa anthu ambiri amathamangira kunena kuti Chimaleyi n'chophweka, ndipo zimenezi n'zoona pa miyezi yoyambirira yokha. M'Chimaleyi mneni sasintha potsata nthawi kapena wochita ntchito. Liwu lakuti "makan" limatanthauza kudya, kaya wodyayo ndi mmodzi kapena ambiri, kaya anadya dzulo kapena adzadya mawa, ndipo pofuna kusonyeza nthawi amangoikapo timawu monga "sudah", "sedang" kapena "akan". Chiganizo chimayenda ngati chathu, wochita ntchito poyamba, kenako mneni, ndipo pochulukitsa dzina nthawi zina amangolibwereza, monga "buku-buku" ponena za mabuku.

Chiwelishi chimakuchingamirani ndi zovuta zake pakhomo pomwe. Mneni ndiye amayamba m'chiganizo, dzina lililonse limakhala lachimuna kapena lachikazi ngakhale litakhala la chinthu chopanda moyo, ndipo chosokoneza kwambiri n'chakuti lembo loyamba la liwu limasintha malinga ndi liwu lomwe lalitsogolera. Mphaka ndi "cath", koma mphaka wanga ndi "fy nghath", mphaka wake ndi "ei gath" mwini wake akakhala mwamuna, pamene akakhala mkazi ndi "ei chath". Ngakhale dzina la dziko lawo, Cymru, limasanduka "yng Nghymru" ponena kuti m'dziko la Wales. Kalembedwe kake kamaopsa poona, koma kunena zoona n'kolongosoka kuposa ka Chingerezi, chifukwa munthu akangodziwa kuti w ndi y ndi malembo a liwu, mawu ambiri amawawerenga monga alembedwera. Ponena za "ll" yotchukayo, amene mwakhalako ku South Africa mumaidziwa kale, pakuti imamveka ngati "hl" ya Chizulu.

Chimene ambiri satchula n'chakuti Chimaleyi nachonso chimasintha malembo oyamba a mawu, kungoti zimenezi munthu amakumana nazo atalowa kale m'kati. Mphatikira ya "me-" ikalumikizidwa ku tsinde, "tulis" amakhala "menulis", "kirim" amakhala "mengirim", ndipo "sapu" amakhala "menyapu". Popeza mabuku akuluakulu otanthauzira mawu amasanja mawu potsata tsinde, wophunzira amene sadziwa kubweza liwu ku tsinde lake amangosakasaka osalipeza, mofanana ndi wophunzira Chiwelishi amene akufunafuna "nghath" pa lembo la n. Palinso mphatikira zina monga "di-", "ber-", "ter-" ndi "-kan", zomwe zimasintha tanthauzo la mneni, komanso kusiyana kwa "kami" ndi "kita", kumene kumafuna kuti ponena kuti ife muziganizira ngati amene mukulankhula nayeyo mukumuwerengera kapena ayi. Komanso Chimaleyi cha pa msika ku Kuala Lumpur, likulu la Malaysia, chimadula mawu kwambiri, "tidak" n'kukhala "tak", "hendak" n'kukhala "nak", moti amene anaphunzira m'buku mokha amadabwa tsiku loyamba.

Mawu ochepa ofanana amene mungawapeze anabwera ndi alendo. Sukulu ndi "ysgol" m'Chiwelishi ndipo ndi "sekolah" m'Chimaleyi, chifukwa Awelishi anatenga liwulo ku Chilatini, pamene Amaleyi analitenga kwa Apwitikizi, omwe analanda mzinda wa Melaka mu 1511.

Kwa ine kusiyana kwakukulu kuli pa mbiri ndi malo a zinenerozi pakati pa anthu. Chimaleyi chinakula ngati chinenero cha malonda m'madoko, zolemba zake zakale za pamwala ku Sumatra ndi za m'ma 680, ndipo kwa zaka mazana ambiri chinkalembedwa ndi malembo a Chiarabu otchedwa Jawi. Mu 1928 achinyamata omenyera ufulu ku Indonesia anachisankha kukhala chinenero chogwirizanitsa dziko lawo n'kuchitcha Chiindoneziya, ndipo mu 1972 Malaysia ndi Indonesia anagwirizana kalembedwe kamodzi. Lero ndi chinenero cha boma ku Malaysia, Brunei ndi Singapore, ndipo tikaphatikiza Chiindoneziya, ochilankhula amaposa 200 miliyoni. Chiwelishi chakhala chikulimbana kuti chisamezedwe ndi Chingerezi. Baibulo lomwe William Morgan anamasulira mu 1588 linachithandiza kukhala ndi kalembedwe kokhazikika, kanema wa S4C, woulutsa m'Chiwelishi, anayamba mu 1982, ndipo lamulo la 2011 linachipatsa udindo wa chinenero cha boma ku Wales. Ngakhale zili choncho, kalembera wa 2021 anapeza ochilankhula 538,300 okha, omwe ndi 17.8 peresenti ya anthu a zaka zitatu kupita m'tsogolo, pamene boma la Wales likufuna kuti adzafike 1 miliyoni pofika 2050.

Zimenezi zimakhudza wophunzira mwachindunji. Pafupifupi aliyense wolankhula Chiwelishi amadziwanso Chingerezi, choncho mukangodzandira pang'ono iye amatembenukira ku Chingerezi pofuna kukuthandizani, ndipo mwayi wozolowera umatayika. Ngati mwasankha Chiwelishi, yesetsani kukhala ndi anthu a m'madera monga Caernarfon m'chigawo cha Gwynedd, kumene ambiri amachilankhula tsiku ndi tsiku. Ngati cholinga chanu ndi maphunziro kapena malonda ku Malaysia ndi Indonesia, yambani ndi Chimaleyi, koma mphatikirazo muziphunzire msanga m'malo mozisiyira m'tsogolo.