Geti lokana kutseka kukachita chiperoni

Achimwene amene mwalemba pagulu pano kuti geti lanu loyendera mota yamagetsi likukana kutseka kukachita chiperoni, musagule mota ina, ndipo munthu amene wakuuzani kuti board (kabolodi ka magetsi koyendetsa motayo) yapsa asanatsegule n'komwe chivindikiro musamupatse ngakhale tambala. Ndawerenga zanuzo thupi langa lachita tsembwe, chifukwa ndi ndendende mmene zinayambira kwanga ku Bvumbwe chaka chatha. Masana geti likuyenda ngati latsopano, m'mawa kukachita nkhungu likutseguka koma kutseka ayi. Ine ndinazitenga mopepuka, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya mayi anga.

Anzathu a ku Lilongwe ndi ku Salima amene mukuti angophimba motayo ndi pepala la pulasitiki, chonde, chiperoni simukuchidziwa. Si mvula yoti igwa n'kukata. Ndi mphepo yachinyontho yochokera kunyanja ya mchere kudzera ku Mozambique, komwe kuli phiri la Chiperone lomwe chinatengerako dzina, ndipo mu Juni ndi Julayi timatha masiku atatu kapena anayi dzuwa osalionako. Zovala pachingwe siziuma, nsapato m'nyumba zimachita chuku. Madziwo amakhala mumpweya momwemo, ndiye paliponse pomwe mpweya walowa nawonso alowa. Pulasitikiyo ndi yomwe inandipweteka ine.

Ndinaitana mnyamata wina yemwe nambala yake ndinaiona pa kachikwangwani kokhoma pamtengo ku Limbe. Ulendo woyamba anafika masana dzuwa litatuluka, geti likuyenda bwinobwino, akuti vuto ndi rimoti, n'kundigulitsa marimoti awiri. Kutacha, chimodzimodzi. Ulendo wachiwiri anatsegula mota, anagwiragwira ndi kawaya kakafupi, mphindi zisanu sizinakwane, "zatheka bwana". Geti linayambadi kutseka, ine n'kumuwonjezera ya minibasi chifukwa chosangalala. Patapita milungu iwiri linayamba kuyenda mwaulesi, ngati likukoka katundu. Ulendo wachitatu ndiye anati madzi akulowa, batire latha. Anaika batire lomwe anati ndi latsopano, anamata silicone kuzungulira pansi ponse pa chivindikiro mpaka pakachitseko ka kiyi, n'kukulunga mota yonse ndi pulasitiki yakuda, kumanga ndi mphira. Maulendo atatuwo anandidyera ndalama yoti ndikanagula matumba a feteleza a munda wonse wa mayi.

Tsiku lake linali Lachinayi, mu Julayi, cha m'ma 2 koloko usiku. Mayi anali atabwera kuchokera kumudzi kudzakhala nafe, ndipo iwo ali ndi mphumu. Mayi a kunyumba anandigwedeza kuti tamverani. Kuchokera kuchipinda china kunkamveka kupuma kolira ngati mluzu. Tinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, manja atagwira m'mawondo, mapewa akukwera ndi kutsika, mankhwala opopera aja apopera kangapo osathandiza. Kulankhula sankatha. Tinawafunditsa bulangete, ine ndi mwana wanga wamkulu tinawanyamula mpaka m'galimoto, ndinaliza injini, n'kudina rimoti.

Geti linangoti khethe, kusuntha kadanga koti ungalowetse chikhatho basi, n'kuima. Ndinadinanso. Kalikonse ayi, kulira kokha kwa tii tii. Ndinatenga rimoti yachiwiri, yatsopano ija, chimodzimodzi. Nkhungu inali yoti nyali za galimoto zimangounika chikhoma choyera, geti lenilenilo osaoneka bwino pamtunda wa mamita atatu. Ndinatsika wopanda nsapato, ndinagwada m'matope, n'kuyamba kung'amba pulasitiki ija ndi zikhadabo. Nditaiboola, madzi anakhuthukira m'mawondo mwanga kuchokera mkati, ozizira ngati a mufiriji. Mwana wanga ankaunika ndi tochi ya foni, dzanja likunjenjemera, kuwala kukuvinavina. Ndinapala silicone pa loko ndi mpeni wa kukhitchini, ndinalowetsa kiyi wotsegulira kuti geti likankhidwe ndi manja. Kiyi analowa theka. Ndinamukankha, analowa, koma kupota ayi. Ndinayesa pang'onopang'ono, kubweza, kuyesanso, kenako ndinamva mayi akugogoda galasi la galimoto ndi chikhatho, kugogoda kofooka, ndiye ndinapota ndi mphamvu zonse. Kiyi anathyoka. Mutu wake unatsala m'manja mwanga, chinacho mkati mwa loko.

Amene simunakumane nazo, dziwani kuti geti la mota silikankhika ngati simunamasule giya. Mungakhale amuna asanu, silisuntha, analipanga dala choncho poopa akuba. Tinayesa kulinyamula kuti lichoke panjanji, timawilo tapamwamba tinaligwira. Ndinathamangira sipanala kuti ndimasule mota yonse pansi, koma mabawuti ali mkati mwa chikhola chachitsulo choteteza akuba, ndipo loko wa chikholacho naye anali atauma ndi dzimbiri. Ndinamumenya ndi hamala mpaka chala changa chinaphulika, sindinamve n'kuwawa komwe. Mnyamata uja ndinamuimbira kasanu ndi kawiri. Kanayi foni inaitana, kenako inazimitsidwa.

Mayi a kunyumba ndi amene anandikuwira kuti siyani chimenecho, tiyeni pa kageti kakang'ono. Ndinawabereka mayi kumsana. Munthu amene anandibereka ine, anali wopepuka ngati mwana wa sitandade 3, mpweya wawo ukulira pakhosi panga. Kwa aneba tinagogoda, agalu okha ndi omwe anayankha, ndipo sindiwaimba mlandu, ndani angatsegule geti 2 koloko usiku mu nkhungu yotero? Mpaka mayi a kunyumba anaimbira akazi awo, ndi pomwe bambowo anatuluka atavala jekete pamwamba pa zogonera n'kutulutsa pikiapu yawo. Msewu wa Thyolo kupita ku Limbe tinayenda ngati tikuperekeza maliro, iwo mutu uli kunja kwa windo kuyang'ana mzere wa pamsewu, pa Chigumula ponse osaona ngakhale nyali imodzi. Ku Queens anawaika pa mpweya nthawi yomweyo, anagona masiku atatu. Ali moyo, Mulungu ndi wabwino. Koma kuyambira pomwe ndinadina rimoti mpaka pomwe pikiapu inanyamuka panadutsa mphindi pafupifupi 40, galimoto yanga ili chilizire kuseri kwa geti langa lomwe.

Loweruka lake mnzanga wa kutchalitchi anandibweretsera bambo wina wachikulire yemwe anagwira ntchito ya mageti ku Joni zaka zambiri. Bambo ameneyu sanafulumire kulankhula. Anaboola loko uja, anachotsa chivindikiro, n'kundiitana kuti bwerani muone nokha. Mkati mwa chivindikiro madontho anali lendelende ngati pachivindikiro cha poto wa nyemba. Mitu ya batire inali yobiriwira, yofumbutuka ukaikhudza. Kuseri kwa board nyerere zinamanga mudzi, zimakonda pamenepo chifukwa tchaja imafunditsa, ndipo pakona panali nkhono ziwiri. Anandifotokozera kuti masana mota imatenthedwa, usiku imazizira, chinyontho chomwe chili mumpweya wa mkatimo chimasanduka madzi, ndiye ukatseka mipata yonse yapansi madziwo alibe potulukira. Batire anayeza, linali pa 10V m'malo mwa 12V, ndipo pomwe pamalembedwa deti panali popalidwa. Linali lakale, lochotsedwa kwa munthu wina.

Koma chomwe chinapha batire chinali pansi pa dothi. Anakumba motsatira paipi ya waya wa magetsi, n'kupeza polumikiza pomwe mnyamata uja anadulapo ulendo wachitatu, pokulungidwa ndi tepi wakuda basi, paipi yonse yodzaza madzi. Breaker ya geti ya m'galaja, kaswichi kodula magetsi pakachitika vuto, inali itagwa, kaya kwa masiku angati. Ichi ambiri sadziwa: mota zimenezi zimayendera batire nthawi zonse, magetsi a m'nyumba ntchito yake ndi kutchaja chabe. Ndiye magetsi akaduka geti limapitiriza kuyenda, inu osadziwa kanthu, mpaka tsiku lomwe batire lidzagonere, ndipo kukazizira batire lofooka limagona msanga.

Pomaliza anandionetsa kawaya kakafupi kaja. Mnyamata uja analumphitsa timaso ta pazipilala toona ngati pali chinthu panjira ya geti, ma beam, kuti mota iziganiza kuti njira ndi yoyera nthawi zonse. Milungu yonseyo geti langa linali lakhungu. Ndili ndi mwana wa zaka zinayi yemwe amathamangira pageti akamva galimoto. Bamboyo anangopukusa mutu. Ndipo vuto loyamba lenileni, lomwe ndinaitanira munthu, linali chiyani? Kagalasi ka diso limodzi kanali ndi mng'alu, mame amalowa mkati, kangaude anayala ulusi, ndipo disolo linali litapendekeka pang'ono. Masana kuwala kumadutsa movutikira, kukachita nkhungu kumalephera, mota n'kumaona ngati pali galimoto panjira, ndiye imakana kutseka. Potseguka siyang'ana timaso timeneti, n'chifukwa chake limatseguka bwinobwino. Anasintha kagalasi, anapukuta, anawongola. Sanathe ngakhale kapu ya tiyi.

Mnyamata uja anandiyankha patatha masiku anayi. Akuti anali kumaliro. Ndinamuuza zonse, za mayi, za kiyi, za batire lopalidwa deti. Mukudziwa chomwe anayankha? Akuti bwana paja panatsala kabalansi ka silicone. Osati pepani, osati agogo ali bwanji. Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo m'mimba mumatentha. Dzina lake sindilemba pano, ma admin angandichotse, komanso si iye yekha, alipo ambiri ongoonera ntchito kwa mnzawo sabata imodzi, kugula tester ndi jekete yowala, basi wasanduka katswiri wa mageti. Akaona nyumba ya mpanda amaona ndalama, saona kuti mkatimo muli anthu odwala, muli ana. Kusadziwa ndingakhululuke, koma kupala deti pa batire si kusadziwa, ndi kuba.

Ndiye achimwene, mawa m'mawa nkhungu isanachoke, tengani kansalu kouma mupukute timaso tonse tiwiri, kenako dinani. Likatseka, mwalipeza vuto. Tsegulani timasoto muone ngati mkati muli madzi kapena tizilombo, onani ngati tikuyang'anizana ndendende, mukhomere kadenga kakang'ono ka lata pamwamba pa kalikonse. Aliyense wofuna kulumphitsa timaso mumuthamangitse. Kungoyesera kwa mphindi imodzi kuti mutsimikize, inu muli pomwepo ana ali m'nyumba, zimenezo zimachitika, bambo uja nayenso anatero, koma kawayako kachoke munthuyo asanatuluke pageti.

Phunzirani kuchita zinthuzi nokha, musamadalire amisiri. Gulani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Batire ndi la 12V 7Ah, likamatchajidwa liziwerenga pakati pa 13.6 ndi 13.8V. Mukapeza 12 ndi kakanthu basi, tchaja sikufika, kaoneni breaker. Yezaninso geti likuyenda, batirelo likatsika mpaka cha m'ma 10V, latha, kaguleni nokha kusitolo muone deti ndi maso anu. Ine ndikuti musalidikire kuti life, zaka ziwiri zikakwana sinthani chiperoni chisanayambe. Mitu yake muipale iwale, mupake girisi pang'ono. Koma waya wa 230V wapansi pa dothi musaugwire nokha, chonde, pezani mmisiri weniweni, auike wathunthu wopanda polumikiza kuchokera m'nyumba mpaka pa mota. Mukamufuna, funsani anthu omwe anawagwirira ntchito zaka ziwiri zapitazo, osati sabata yatha.

Mota musaiphimbe. Silicone ipite pakamwa pa paipi pokha pomwe mawaya atulukira, kutsekera nyerere ndi nkhono, kwinako kuzipuma. Ine ndinaimangira kadenga ka lata pamwamba, m'mbali mwapululu, ndipo tinaikweza pa simenti n'kukumba kangalande kuti madzi asamadikhe pansi pake. WD-40, mafuta opopera omasula dzimbiri, isayandikire board, pamenepo ndi contact cleaner, mankhwala opopera otsukira zamagetsi, ndi kaburashi kofewa, magetsi ndi batire mutachotsa. Ngakhale m'maloko akuti si yabwino kwenikweni, imakoka fumbi, bwino ufa wa graphite, ngakhale wopala ku pensulo. Komabe loko wa chikhola uja anamasuka ndi WD-40 yomweyo, ndiye kachitini kamodzi kazikhala m'galimoto. Njanji muzisesa, matope ndi masamba onyowa amalemeretsa geti. Mano aja a m'mbali mwa geti musawapake girisi, amagwira mchenga. Masulani giya mukankhe geti ndi dzanja limodzi, likamalimba ndiye kuti mabering'i a mawilo adyedwa ndi dzimbiri, ndipo mota ikuvutika ndi katundu yemwe si wake. Ngakhale mota ya mtundu wa D5 yomwe ambiri tili nayo kuno analemba kuti imakoka geti lofika makilogalamu 500, koma amanena geti loyenda mofewa.

Kunena zoona, ndikanati ndikumanga lero, mota sindikanaika, ndikanalemba mlonda. Koma musachotse yanuyo, chifukwa kutsika galimoto usiku kukatsegula geti mu nkhungu ndi pomwe anthu amagwidwira ndi achifwamba, ine yanga ikadalipo. Ngati mulibe kageti kakang'ono ka anthu oyenda pansi, boolani mpanda mwezi uno. Ndipo musanagone lero, tengani kiyi wa mota mupite panja mukamuyese ngati akupota, mumuonetsenso aliyense wa m'nyumbamo mmene amamasulira. Kwathu timayesa Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse tikachoka kutchalitchi, makiyi alipo atatu, wina ali m'galimoto, wina pa msomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, wachitatu ali kwa aneba aja.